Ba Goliati Atenga Denga Lawo

M'komboni yonse ya Mtendere, mu Lusaka, mulibe landilodi amene wathamangitsa munthu mmodzi kambirimbiri ngati ba Mainess, mayi wamasiye wogulitsa pamsika chikanda, chakudya chophikidwa ndi timizu ta kutchire, nsinjiro ndi soda, ndipo mulibe munthu amene wathamangitsidwa osasuntha ngati ba Goliati, mkulu wosula mbaula amene wakhala m'kachipinda kawo ka kuseri chiyambire amuna awo ali moyo. Ndiye masana amenewo, mitambo ya mvula yoyamba ikuunjikana cha ku Kalingalinga, ba Mainess atabwera kumsika n'kupeza katundu yense wa ba Goliati ali pabwalo, chitseko chitatsamira mtengo wa mango, mwini wake ali padenga kuzula misomali, anadziwa kuti zinthu zavuta, koma pakamwa panakana kuvomera.

"Ba Goliati! Muchita chani pamwamba apo?"

"Nichosa malata, ba landilodi."

Mawu akuti "ba landilodi" anawalasa. Zaka zonsezi munthuyu ankawaitana kuti bamake Belinda.

"Naona kuti muchosa malata, nili na menso. Nifunsa kuti chifukwa chani."

"Munaniuza mailo."

Dzulo lakelo kunabwera amayi a chigwirizano a ku tchalitchi. Ba Mainess anadula chikanda chawo, napatsako ba Goliati kachidutswa pamaso pa alendo, n'kufunsa ngati chakoma. Munthu aliyense wofuna kukalamba mwamtendere amadziwa yankho la funso limeneli. Ba Goliati anatafuna, anaganiza, kenako anati soda yachuluka. Amayi a chigwirizano anayang'ana pansi onse. Ba Mainess anaimirira, naloza kugeti, n'kutulutsa mawu awiri amene anawatola mu filimu ya pa TV: "Clear out!"

"Imwe," anatero tsopano, akutula beseni pansi, "ni kangati nakuthamangisani pano?"

"Kambili. Pamene wailesi yanga inakuushani. Pamene ninakamba kuti wigi yanu yapendama. Pamene galu anadya nsomba, imwe munati ndine."

"Manje bwanji simunayende nthawi zonse izo?"

"Munali kukamba mu Chinyanja."

"Nanga?"

"Chinyanja chanu chili monga mphepo ya mu Ogasiti. Yabwela, yanyamula mapepala, yapita. Koma Chizungu sichiseka na munthu. Ku khoti ni Chizungu. Ku polisi ni Chizungu. Dokotala akaona kuti muzafa, amacheukila nesi, bayamba Chizungu." Anazula msomali wina, nauponya m'chitini. "Ninayenda kufunsa ba Mike, baja balonda pa filing'i siteshoni, bovala tayi. Banati iyo ni notisi. Munthu achoke na vinthu vake vonse, osasiya olo nsingano."

"Ba Mike! Manje ba Mike bakhala loya wanu?"

"Iyayi, bakali ba gadi."

Apa pankangofunika kuseka basi, n'kunena kuti anali mawu a mkwiyo. Koma pampanda panali patatulukira kale mitu iwiri ya anthu oyandikana nawo, aja amene zovala zawo zimafuna kuyanikidwa nthawi yokhayo imene pali mkangano. Ndipo ba Mainess ndi munthu woti angalolere kumeza fupa kusiyana ndi kubweza mawu anthu akuona.

"Chabwino! Mwachita bwino maningi. Nizapumulako. Koma chiseko changa mubweze pamene chinali."

"Ni changa."

"Chiseko cha nyumba yanga ni chanu?"

"Chakudala chinadyewa na chiswe. Ninabwela kuli imwe. Munati, 'Ine sindine hadiweya. Mukafuna chiseko, fakani chanu.' Ninafaka changa."

"Na windo?"

"Munati mwamuna wosakwatila safunika windo, azayangana ndani."

"Ninakamba ivo ine?"

"Pa Sondo, pobwela ku chechi."

"Nanga malata?"

"Yakudala yanali kudontha. Munati nifake beseni."

"Ndiye munafaka beseni!"

"Ninafaka. Inazula na manzi. Ninagula malata."

Ba Mainess anamanga chitenje mwamphamvu, ngati munthu amene wakumbukira lamulo lalikulu.

"Mvelani. Lamulo ya manyumba mu Lusaka yonse ni imodzi. Munthu akachoka, afunika kusiya rumu mwamene anaipezela. Ngati simungakwanise, simuchoka. Ni lamulo, sindine."

Ananena izi akuyang'ana kumpanda, kuti mboni zimve kuti si iwo akumuletsa munthu kupita. Nkhope ya ba Goliati inawala.

"Ndiye vamene nichita, ba landilodi! Ninaipeza ilibe chiseko chabwino, ilibe windo, mwezi uoneka mukati. Vonse ivo nizakwanisa. Vanivuta ni vibili chabe."

"Ehee! Vavuta! Ndiye selukani."

"Penti. Ninaipeza ilibe penti. Nayesa kupala na mupeni, koma yagwila. Mukanipasako nthawi nizasiliza."

"China?"

"Makoswe. Ninapezamo makoswe yambili, manje yanafa. Koma ku maketi kumbuyo kwa butchala yaliko. Mufuna yangati?"

Kumpanda wina anatsokomola chitsokomolo chosachokera pachifuwa.

"Mayo ine! Tengani vonse kansi! Tengani na pompi!"

Ba Goliati anaima, hamala ili m'mwamba.

"Zikomo mwanikumbusa. Mutu wa pompi ni wanga. Ninali naibala."

"Imwe!"

"Paipi ni yanu, osada nkhawa. Nizaivala na chisononkho."

"Nanga mtengo wa mango uyu? Simuzaunyamula pamutu?"

Ba Goliati anauyang'ana mtengowo kuyambira kutsinde mpaka kunsonga, mofatsa, ngati akuuyeza.

"Ninabyala ndine, zoona. Koma wilibala yamene nabweleka kuli ba Mukupa ni ing'ono. Nizabwela chabe kutenga mango zikapsa. Muzinisungilako, osagulisa."

"Awe shuwa! Kwasala chabe toileti..."

Anadzigwira pakamwa, koma mawu anali atatuluka kale.

"Mugodi ni wanu," anatero ba Goliati mwaulemu. "Vamene vili mukati ni va tonse, ivo nakusiyilani. Koma chiseko..."

"Musayese kugwila chiseko cha toileti!"

"Nizafakapo saka. Saka yabwino, ya fetelaiza, siioneka mukati. Mphepo ikabwela muzigwila na kwanja imodzi."

Ba Mainess anaona kuti mwano uliwonse ukuwadyera katundu. Anakhala pa mpando wa ba Goliati umene unali pabwalopo, anakumbukira kuti ndi wa mdani, anadzukapo, kenako anakhalanso chifukwa miyendo sidziwa za mikangano. Anasintha mawu, nawapaka mafuta pang'ono.

"Manje muyenda kuti, ngati ningafunse?"

"Ku Linda. Kuli Sydney, mwana wa mulongo wanga."

"Ku Linda! Uko kwamene basi ikafika, kondakitala amafunsa pasipoti?"

"Safunsa. Ninayendako pa Khisimasi."

"Kuli bakawalala."

"Nili na chiseko cholimba."

"Nachiona chiseko chanu! Nanga mbaula zanu azagula ndani kuja?"

"Nakonso bantu bamaphika. Malaiti yamayenda konse konse, siyasankha komboni."

"Mukazi wa Sydney azakupasani nsima ya mailo, yozizila."

"Nili na mbaula."

"Muli na yankho pali vonse, ka?"

"Pali vamene mwafunsa chabe."

Galu wa pakhomopo, Denja, amene dzina linamukulira kalekale, anabwera kudzagona pa matiresi a ba Goliati. Ba Mainess anamuona ngati mthenga wochokera kumwamba.

"Onani galu uyu. Anakuzolobelani. Mukachoka azaleka kudya. Azayonda, azafa, bantu bazakamba kuti ba Goliati banapaya galu."

"Galu ni wanu. Cheni ni yanga, koma nizamusiyila, ni ya chikumbuso. Nakamba naye kuseni. Wamvela."

"Wamvela! Galu wamvela!"

"Sanakane."

Tinene zoona, nkhani sinali ya galu. Chimwalirire ba Whyson, amuna awo, ndipo chikwatiwire Belinda ku Chilenje, m'nyumbamo munalibe wina wopuma koma ba Mainess okha. M'mawa uliwonse ba Goliati ankagogoda khoma lolekanitsa zipinda zawo, ba Mainess n'kukalipa kuti, "Mufuna chani?" Akamva mwanowo, ba Goliati ankadziwa kuti munthu wadzuka, n'kupita kukasula mbaula zawo. M'mawa wina mwano sunamveke. Anathyola loko, nawapeza atagwa ndi BP, n'kuwathamangira nawo ku kiliniki pa wilibala. Ba Mainess sanathokoze, anangodandaula za lokoyo. Koma ankaopa kwambiri m'mawa umene sipadzakhala wogogoda.

"Olo chipupa changa chizapumulako," anatero, akuyang'ana kumbali. "Kugogoda kuseni kulikonse monga ni bapolisi. Munthu sangagone."

"Pepani. Nizauza wamene azangena kuti asazigogoda."

Ba Mainess anacheuka msanga.

"Sininakambe kuti mumuuze."

"Sivuta, nizalemba na malasha pa chipupa."

"Nakamba kuti musamuuze!"

"Ndiye azagogoda?"

"Azaziba bwanji vogogoda, chipuba imwe?"

"Ndiye vili bwino. Muzagona."

Mitu ya kumpanda inali itafika isanu, wina atanyamula ndi mwana kuti naye aone. Ba Mainess anaganiza zoponya mwala waukulu, woti munthu amve nsanje.

"Kapena muganiza kuti rumu iyi izasoba munthu? Ninapeza kudala wina. Nesi. Wa nchito ya boma, wa mafuta yonunkhila, osati fungo ya malasha. Azangena mawa kuseni."

"Mailo kuseni?"

"Kuseni seni."

"Yaba! Ndiye nachedwa!"

Hamala inayamba kuthamanga. Misomali inagwa m'chitini ngati matalala. Lata linatsetsereka kuchoka padenga, likulira.

"Gwilankoni uko, ba landilodi, ingacheke galu!"

Ndipo ba Mainess, mwini nyumba, anapezeka atatambasula manja akulandira denga la nyumba yawo, n'kulitsamiritsa bwinobwino pamtengo wa mango. Atazindikira zimene achita, analimenya ndi phazi, chala n'kupweteka.

"Nesi ni wabwino," ba Goliati anapitiriza ali pamwamba. "Azakupimani BP mahala. Mwasankha bwino. Ni ndani zina?"

"Zina yake ni... ni nesi."

"Sisita Nesi. Azabwela na malata yake?"

"Azabwela na vamene azabwela navo!"

"Mumuuze agule yabili yatali. Aya yabili yasala yapita mpaka pamwamba pa bedi yanu."

Ba Mainess anatukula mutu pang'onopang'ono.

"Pamwamba pa chani?"

"Pa bedi yanu. Ba Whyson banamanga marumu yabili aya pansi pa mutenge umodzi. Chaka chija cha kolela manzi yanali kugwela pa pilo yanu. Ninakuuzani. Munati, 'Ngati mumvela chifundo, konzani mweka.' Ninamvela chifundo."

"Ndiye chifundo chanu mufuna kuchizula?"

"Chifundo nizasiya. Nitenga chabe malata."

Kumwamba kunagunda. Mphepo inadutsa pabwalo, ikununkha dothi lonyowa, n'kugwetsa kalendala ya ba Goliati imene inali pamwamba pa katundu. Amayi akumpanda sanasunthe. Zovala zikhoza kunyowa n'kuumanso, koma nkhani ngati iyi siibwera kawiri.

Ba Goliati anakwawira kumbali ya chipinda cha ba Mainess, nalowetsa mano a hamala pansi pa msomali woyamba.

"Ba Goliati."

"Ba landilodi."

"Mvula ibwela."

"Naiona. Ndiye chifukwa nifulumila."

"Munthu wanzelu sakuka mu mvula."

"Notisi siinakambe va mvula."

"Matilesi yanu izanana."

"Izauma ku Linda."

"Ba Goliati, selukani. Khalani." Analankhula motsitsa, mano atalumana. "Mwamvela? Nakamba kuti khalani. Nkhani yasila."

Ba Goliati anapukusa mutu mwachisoni.

"Ico ni Chinyanja, ba landilodi."

"Nanga mufuna nikambe Chilozi?"

"Lelo mu Chinyanja mwati khalani. Mailo mu Chinyanja muzati chokani. Vonse ni mphepo. Koma notisi ikali njinjinji pamene munaiimika. Chinthu chomangiwa na Chizungu chimamasuliwa na Chizungu. Ba Mike banatelo."

"Ba Mike bazaniona! Chabwino. Clear... clear in!"

Ba Goliati anaganiza kaye.

"Iyo sininaimvepo. Olo pa TV."

"Iliko!"

"Nizafunsa ba Mike nikasiliza." Msomali unalira, n'kutuluka. "Beve banati kuli kamau kamodzi chabe kamene kamafuta notisi. Kafupi, olo bana ba giledi wanu bakaziba. Koma ninabauza kuti basavutike, ba landilodi banga sibakaziba."

"Ine? Ine sinikaziba? Ine ninafika fomu thu!"

"Sininakumvelenkoni mukakamba. Olo kuli ba Whyson, pamene munabathila manzi ya nsomba pamenso pa bazibambo ba mpingo."

"Nikaziba bwino bwino!"

"Ni kati?"

Ba Mainess anazindikira mochedwa. Anali atalowa okha mu msampha, ndi miyendo yawo yomwe. Kamawuko ankakadziwa, inde. Anthu ambiri anakanena kwa iwo: makasitomala, makondakitala, ba Whyson tsiku lililonse la ukwati wawo. Koma kuchoka m'kamwa mwawo kupita kwa munthu wina, njira imeneyo kanali kasanayendepo.

Dontho loyamba linagwa pa lata, lalikulu ngati ndalama yachitsulo. Lachiwiri linagwa pamphuno pa ba Mainess. Msomali wina unatuluka, ndipo ngodya ya lata la pamwamba pa bedi inadzuka ndi mphepo.

Ba Mainess anayandikira khoma, nafulatira mpanda, n'kunong'ona kanthu.

"Mwakamba, ba landilodi?"

Ananong'onanso.

"Sinimvela. Pano pamwamba pali chongo, na matu yanga yanasila na hamala."

"Selukani kansi nikuuzeni pafupi!"

"Nikaseluka ninshi nasiliza."

Mvula inayamba kuwaza. Anthu akumpanda anaphimba mitu ndi zovala zomwe ankati akuyanika zija. Ba Mainess anayang'ana denga lawo, anayang'ana khoma lija logogodedwa m'mawa, anatseka maso, n'kukuwa ndi mawu amene amaitanira makasitomala kutsidya la msika:

"Sorry!"

Denja anadzidzimuka, n'kuuwa. Kumpanda mayi wina anagwetsa beseni. Ena amati mawuwo anamveka mpaka ku siteshoni ya mabasi, koma anthu a mu Mtendere amakonda kuwonjezera.

Ba Goliati anachotsa chipewa.

"Ni kameneko. Mwakakamba bwino, monga muzungu." Anaima pang'ono. "Nanga soda?"

"Soda yachita chani?"

"Inachuluka olo siinachuluke? Nifuna chabe kuziba ngati lilime yanga ikali kusebenza."

"Soda inali bwino!"

Ba Goliati anavalanso chipewa, n'kutola hamala.

"Inachulukako! Pang'ono! Kwanja inatelela! Khomani lata iyo, mfwiti imwe!"

"Zikomo, bamake Belinda."

Anakhoma misomali iwiri ija mofulumira, ndipo bedi la ba Mainess linapulumuka. Koma kumwamba sikunadikire kuti abwezenso malata a chipinda chawo. Mvula inakhuthuka yonse nthawi imodzi, ija ya mu Lusaka imene imasandutsa msewu mtsinje munthu asanapeze ambulera. Mboni zinabalalika. Ba Goliati anatsika makwerero akutsetsereka, naima pakati pa katundu wawo, madzi akuyenderera m'chipewa.

"Mwaimilila chani monga chipilala? Ngenesani vinthu!"

"Kuti? Rumu ilibe mutenge."

"Mu nyumba mwanga, kansi kuti? Fulumilani!"

"Vonse?"

"Vonse!"

Ba Mainess akanayenera kukhala ataphunzira pofika apa kuti mawu amenewa sauzidwa kwa ba Goliati. Koma mvula siipatsa munthu mpata woganiza. Ananyamula matiresi pamutu, iwo kutsogolo, galu pambuyo. Ba Goliati analowetsa bedi, mpando, sutikesi, wailesi ndi njinga yopanda tcheni. Ba Mainess anabwerera kukatenga mapoto. Pobwera anapeza mbaula zosagulitsidwa zitaunjikidwa pa sofa, chitsulo chosulira chili patebulo la galasi, pamwamba pa kansalu koluka.

"Ivo visulo siviopa mvula!"

"Vimachita nguwe. Munati vonse."

"Chiseko nacho mungenesa?"

"Ni cha mapulanga, chingafufume. Sendelani pang'ono."

Chitseko chinalowa. Windo inalowa. Malata analowa chopendama, n'kukanda kabati ya mbale za alendo. Ba Mainess anathamangiranso panja kukatola beseni lawo la chikanda limene linali litayamba kuyandama kulowera kugeti. Pamene ankabwerera, chitenje chitamatirira m'miyendo, anapeza pakhomo pa nyumba yawo patatsekedwa ndi makwerero, kumbuyo kwake njinga, kumbuyo kwa njinga malata. Mkatikati mwa katunduyo, pa kampata kokhako kamene kanatsala, panali ba Goliati atakhala pa mpando wa malemu ba Whyson, galu ali pamapazi, akupukuta wailesi ndi nsalu ya patebulo.

"Ba Goliati! Ningene bwanji?"

Ba Goliati anayang'ana kumanzere, anayang'ana kumanja, anasuzumira ndi pansi pa tebulo, kufunafuna malo moona mtima. Mvula inali ikuwamenya ba Mainess kumsana.

"Muno mwazula, mulibe malo, bamake Belinda," anatero modandaula. "Koma kumbuyo kuli ka rumu kalibe munthu. Landilodi wake ni wa pakamwa, koma munthu amazolobela."